Ndimasoka, ndimajambula zithunzi, ndimaimba: kodi ndisiye ziwiri?

Funso lochokera kwa wowerenga wa ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa: "Ndili ndi zaka 27. Masana ndimasoka pashopu ya munthu wina ku Fordsburg, madzulo ndimasokera makasitomala anga kunyumba. Loweruka ndimajambula zithunzi pamaukwati ndi ma bridal shower a Amalawi anzathu. Ndimaimbanso kwaya kutchalitchi, ndipo ndapeka nyimbo zanga zomwe ndikufuna kukajambulitsa ku studio. Azakhali anga akuti mapanga awiri avumbwitsa, ndisankhe chimodzi. Mtima wanga ukukana, koma ndatopa ndipo ndalama sizikuoneka. Nditani?"

Achemwali, zikomo polemba. Musataye luso lililonse mwa atatuwa, koma musiye kuwagawira nthawi ndi ndalama mofanana. Chikukutopetsani n'chakuti luso lililonse mukulipempha zinthu zitatu nthawi imodzi: likudyetseni, likutchukitseni, komanso likupumitseni mtima. Ntchito yaluso imene ikungoyamba kumene siingasenze zonsezo. Lipatseni lililonse udindo wake, ndipo limodzi likhale patsogolo.

Azakhali anu ali ndi mfundo, musawaone ngati okutsekerezani. Akudziwa kuti kuno ku Joni lendi sadikira, taxi imafuna ndalama m'mawa uliwonse, ndipo kumudzi akuyembekezera uthenga wa Mukuru. Palinso china chimene mwina sanachitchule. Mayi wina akalemba pagulu la WhatsApp kuti "ndani amasoka bwino madiresi a operekeza mkwati?", pamatuluka mayina awiri kapena atatu m'mphindi zochepa, ndipo ntchito imapita kwa mmodzi wa amenewo. Munthu amene amadziwika kuti "amachita zambirimbiri" dzina lake silibwera msanga m'mutu mwa anthu. Mukufunika chinthu chimodzi chimene chikatchulidwa, anthu azikumbukira inu.

Kumudzi amayi amabzala chimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, koma palibe amene amasokonezeka kuti mundawo ndi wa chiyani. Mizere imakonzedwa potengera chimanga, nyemba zimayanga pamapesi, maungu amayala pomwe patsala malo, ndipo zonse zimakololedwa, chilichonse pa nthawi yake. Umo ndi mmene ndikufunira muone kusoka, kamera ndi nyimbo zanu.

Pali Mmalawi mnzathu mumzinda uno amene mbiri yake muyenera kuidziwa, chifukwa chida chake ndi singano ngati inu. Billie Zangewa anabadwira ku Blantyre mu 1973, anaphunzira zaluso ku Rhodes University, ndipo atafika ku Johannesburg anagwirako ntchito m'makampani a zovala ndi otsatsa malonda, anaimbakonso nyimbo. Dziko linamudziwa ndi chinthu chimodzi: zithunzi zosoka ndi manja polumikiza tizidutswa ta nsalu ya silika. Mu 2004 anapata mphoto ya Gerard Sekoto pampikisano wa zaluso wa Absa L'Atelier, ndipo lero ntchito zake zimaonetsedwa ku New York, London ndi Paris. Zimene amasoka ndi zinthu za m'nyumba, mayi ndi mwana wake, munthu ali kukhitchini, munthu akupuma pampando. Zaka zimene anakhala m'ntchito zinazo sizinapite pachabe. Kudziwa nsalu, kudziwa mmene munthu amaimira pachithunzi, kudziwa chimene chimakoka diso la munthu wodutsa, zonsezi zinalowa m'singano yake. Chimene chinasintha n'chakuti anapeza pozisonkhanitsira.

William Kentridge, mbadwa ya mzinda uno, amapanga mafilimu, zisudzo ndi ma opera, koma zonse zimayambira pakujambula ndi makala papepala, kufufuta, n'kujambulanso. Gerard Sekoto, mwini dzina la mphoto ija, atapita ku Paris mu 1947 ankaimba piyano m'malo achisangalalo usiku kuti apeze chakudya, uku akupitiriza kupenta. Kwa iye luso lodyera linali lina, luso la moyo wake linali lina, ndipo sanachite nazo manyazi.

Nanga kwa inu lotsogolera ndi liti? Powerenga kalata yanu, ine ndikuona kusoka. Ndi ntchito yokhayo imene anthu akukulipirani kawiri pa tsiku, kushopu ndi kunyumba, ndipo makasitomala amadzulowo akubwera chifukwa cha manja anu, palibe chikwangwani chowaitana. Komabe musangotengera mawu anga. Gulani kope, ndipo kwa miyezi itatu lembani ntchito iliyonse: ndalama zimene mwalandira, zimene mwagulira nsalu, ulusi, zipi ndi lining, za taxi, za data, ndi maola onse amene yakudyerani. Pa kujambula, werengani ndi maola ausiku osankha ndi kukonza zithunzi pa kompyuta, chifukwa ukwati wa Loweruka limodzi umatha kukudyerani madzulo a sabata yonse yotsatira. Ambiri amene ndawauza kuchita zimenezi amadabwa kupeza kuti ntchito imene imabweretsa ndalama zambiri pakamodzi ndi imene ikuwalipira zochepa pa ola. M'kope momwemo muzilembanso kuti kasitomala aliyense anakudziwani bwanji. Luso limene anthu akuuzana okha popanda inu kutsatsa, limenelo lili ndi mizu kale.

Pali muyeso winanso umene kope silingakuuzeni. Luso lililonse lili ndi mbali yake yotopetsa: kumasula msoko wonse chifukwa mkono sunakhale bwino, kubwereza mzere umodzi wa nyimbo mpaka mawu agwere pamalo pake, kusankha zithunzi mazanamazana zofanana. Dzifunseni kuti ndi kutopetsa kuti kumene mumakupirira popanda wokukakamizani. Tonse timakonda kuombedwa m'manja tikaimba, koma ntchito ya moyo wonse imamangidwa pa mbali yosaonekayo.

Ngati ndi kusoka, siyanitsani zinthu ziwiri. Kusokera eni shopu ndi kusoka masitayilo amene kasitomala wakuonetsani pafoni ndi ntchito yolemekezeka ndipo imalipira lendi, koma dzina lanu silikula nayo msanga. Yambani kupanga zovala zochepa zochokera m'mutu mwanu, mwina zinayi kapena zisanu, musokerepo kachizindikiro ka dzina lanu kukhosi, ndipo muzizibwereza mpaka zifike poti munthu akaona azizindikira dzanja lanu. Muli pafupi ndi msika wa Oriental Plaza, nsalu siikusowani, ndipo chitenje chochokera kwathu chimabwera pabasi sabata ndi sabata. Kuphatikiza chitenje ndi nsalu ya kuno ya shweshwe kungakutsegulireni makasitomala amene si Amalawi. Zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa gulu lathu ndi laling'ono, ambiri akugwira ntchito za malipiro ochepa, ndipo tonse timadziwana moti kukana ngongole kumavuta.

Apa ndi pamene kamera yanu imakhala chuma. Matelala ambiri aluso m'tauni muno amaluza makasitomala chifukwa zovala zawo amazijambula zili pahang'ala, kumbuyo kuli mulu wa zidutswa, kuwala kuli kwa babu. Inu mukhoza kuveka mnzanu wa kukwaya diresi, n'kumujambula panja m'mawa kapena dzuwa likupendeka, ndipo chithunzicho chidzagulitsa diresi kuposa mawu aliwonse. Ntchito imene ena amalipira wojambula, inu muli nayo m'manja. Matelala anzanu a ku Fordsburg ndi Mayfair angakhalenso makasitomala a kamera yanu, ndipo kujambula zovala mkati mwa sabata n'kopepuka kuposa kuthamanga tsiku lonse paukwati. Mukadzaimirira kuimba nyimbo zanu, valani zosoka nokha.

Chenjezo limodzi pa maukwati. Mudzakopeka kutenga zonse paukwati umodzi, madiresi ndi zithunzi, mwinanso nyimbo imodzi kumadyerero. Mukatero, pezani wokuthandizani mbali imodzi tsikulo, chifukwa zipi ya mkwatibwi imaduka nthawi yomweyo imene mukufunika kujambula akulowa m'tchalitchi. Ndipo chilichonse chikhale ndi mtengo wake wolembedwa paokha. Mukangophatikiza, anthu amayamba kuona zithunzi ngati banyira wa diresi, ndipo mtengo umenewo kuukwezanso kumavuta.

Chaka cha ku Joni chili ndi nyengo zake, zigwiritseni ntchito. Kuyambira Seputembala mpaka Disembala makina sapuma: zovala za Heritage Day pa 24 Seputembala, madiresi a matric dance (phwando la otsiriza sekondale), tsiku la anakubala pa 15 Okutobala limene Amalawi kuno sitiliiwala, maukwati, ndi zovala za opita kumudzi pa Khirisimasi. Pasaka isanafike kumabwera mayunifomu a kwaya ndi a amayi a Mvano. Januwale amakhala wouma, anthu ali pa fizi ndi mayunifomu a ana, ndipo miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye maukwati amachepa. Nyimbo zanu ziikeni m'miyezi yabata imeneyi, muzilipire ndi ndalama zimene mwapatula m'miyezi yotanganidwa. Mukadziwa kuti nthawi ya nyimbo ikubwera ndipo ili ndi mwezi wake, mtima sukutsutsani pamene mwakhala pamakina mu Novembala.

Za ndalama ndinene mosabisa. Musadule nsalu kapena kusungira munthu tsiku la ukwati asanapereke dipoziti, theka la mtengo ndi poyambira pabwino, ndipo zotsala zilipiridwe diresi lisanatuluke m'nyumba kapena zithunzi zisanatumizidwe. Zimene mwagwirizana zilembeni ngakhale pa WhatsApp: mtengo, tsiku, kuchuluka kwa zithunzi, kangati munthu angabwere kudzayesa diresi. A kutchalitchi ndi achibale ndi amene amavuta kwambiri kuwauza zimenezi, ndiye sankhani nokha ntchito zimene mupereke ngati chopereka chanu pa chaka, zina zonse zikhale pa mtengo. Ndalama za maluso atatuwa muziziwerengera padera, kuti muziona ngati kusoka kukudyetsa nyimbo mwa kufuna kwanu kapena nyimbo zikungokudyerani osadziwa.

Tsopano nkhani ya umwini wa ntchito zanu, imene anthu ambiri aluso amaiphunzira atapwetekeka kale. Lamulo la dziko lino ndi Copyright Act ya 1978. Umwini umayamba wokha ntchito ikangolembedwa kapena kujambulidwa, sipafunika kukalembetsa kuboma, ndipo poti Malawi ndi South Africa onse ali m'pangano la Berne, ntchito ya Mmalawi imatetezedwa kuno. Koma gawo 21 la lamuloli lili ndi mfundo imene imakukhudzani mwachindunji. Munthu akakutumani kujambula chithunzi n'kukulipirani, umwini wa chithunzicho ndi wake, pokhapokha mutagwirizana zina. Kutanthauza kuti zithunzi za ukwati zimene mumajambula ndi za eni ukwati. Ngati mukufuna kuzigwiritsa ntchito potsatsa pa Facebook kapena Instagram, lembani zimenezo m'mgwirizano musanajambule. Ngakhale lamulo likanakulolani, funsanibe, chifukwa abale athu ena kuno ali ndi zifukwa zawo zosafunira nkhope zawo pa intaneti, ndipo ulemu umenewo udzakusungirani makasitomala.

Mfundo yomweyo imagwiranso pa nyimbo yojambulidwa. Wina akanena kuti "bwera, ndikulipirira studio", iye akhoza kukhala mwini wa chojambulidwacho, pamene mawu ndi mayimbidwe amene munapeka amakhalabe anu mpaka mutasainira kuti mwawapereka, chifukwa lamulo limafuna kuti kupereka umwini kulembedwe ndi kusainidwa. Choncho musasaine pepala limene simunalimvetse, ndipo musatuluke mu studio musanalembe ndi producer kuti nyimboyo mwaigawana motani, ndani wapeka mawu, ndani wapanga beat, aliyense gawo lake. Kukambirana zimenezi kumaoneka ngati kusakhulupirirana pamene nyimbo ilibe ndalama, koma ndi nthawi yokhayo imene anthu amagwirizana mosavuta.

Mabungwe otolera ndalama za nyimbo kuno ndi osiyanasiyana. SAMRO imatolera za opeka nyimbo ikaseweredwa pawailesi, pa TV kapena pagulu. CAPASSO imatolera za opeka nyimbo ikakopedwa kapena kumveredwa pa intaneti. SAMPRA imatolera za oimba ndi eni chojambulidwa. Kwathu ntchito zimenezi zili m'manja mwa COSOMA. Musanalembetse, ganizirani kumene nyimbo zanu zidzaseweredwe kwambiri. Ngati ndi nyimbo zauzimu za m'Chichewa, omvera anu ambiri ali ku Malawi. Funsani mbali zonse ziwiri zimene amafuna kwa Mmalawi wokhala kunja, ndipo musalembetse nyimbo imodzi kumabungwe awiri otolera ndalama za mtundu umodzi, zimachedwetsa malipiro.

Pa maluso anu atatu, nyimbo ndi imene imadya ndalama zambiri isanabweze kalikonse, ndiye musayambe ndi chimbale chonse. Sankhani nyimbo imodzi imene mwaiyesa kale pamaso pa anthu, imene a kwaya amaiimbabe okha pobwerera kunyumba, muijambulitse bwino ndi producer amene mwamvapo ntchito zake. Kwaya musaisiye, ndi sukulu yaulere ya mawu, ndiponso ndi kumene mumapuma.

Simunanene za mapepala anu ndipo sindikufunsani pagulu, koma sindingakuyankheni moona mtima ndikalumpha nkhaniyi. Pasipoti ya Malawi imalola munthu kukhala kuno masiku 30 ngati mlendo, mlendo saloledwa kugwira ntchito, ndipo wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zisanu. Pakati pa Amalawi anzathu ntchito imayenda ndi ndalama zapamanja, koma mukafuna kugulitsa m'mashopu akuluakulu, kulowa sukulu, kapena kulandira ndalama za nyimbo, adzafuna akaunti ya kubanki ndi mapepala olongosoka. Ngati pali chosalongosoka, pitani kwa odziwa malamulo enieni, monga Wits Law Clinic kapena Lawyers for Human Rights ku Braamfontein. Pewani anthu ogulitsa ma permit m'makona, chifukwa pepala labodza lidzakutsekerani zitseko pa nthawi imene dzina lanu layamba kumveka. Dziwaninso kuti thandizo la boma, monga la National Arts Council, kwenikweni ndi la mzika za dziko lino. Yang'anani kumabungwe amene amagwira ntchito ndi dera lonse la kummwera kwa Africa ali ndi maofesi mumzinda uno, monga Goethe-Institut, Pro Helvetia ndi Music In Africa Foundation, ndipo muziwerenga zolengeza za VANSA, bungwe lolumikiza anthu aluso a zojambula m'dziko lino. Pofunsira thandizo lotere, dzifotokozeni ndi luso limodzi logwirizana ndi chimene akufuna, enawo muwatchule m'chiganizo chimodzi.

Chimene chimandiwawa ndikaona achinyamata athu aluso n'chakuti amakhala zaka mumzinda uno akungoyenda pakati pa chipinda, ntchito ndi tchalitchi, pamene malo ophunzirira ali pa mtunda wa taxi imodzi. Ku Fordsburg komwe mumasokako kuli Bag Factory, malo ogwiriramo ntchito anthu aluso amene David Koloane ndi anzake anatsegula mu 1991. Ku Newtown kuli Market Photo Workshop, sukulu ya kujambula zithunzi imene David Goldblatt anayambitsa mu 1989, komwe wojambula zithunzi wotchuka Zanele Muholi anaphunzira, ndipo zionetsero za sukuluyi mukhoza kukaziona. Ku Victoria Yards ku Lorentzville mudzapeza osoka, openta ndi osula akugwira ntchito moyandikana, ndipo kumsika wa Lamlungu wa ku Rosebank mudzaona mitengo imene anthu amalipira pa chinthu chosokedwa bwino. Pitani kamodzi pa mwezi, tembenuzani zovala muone misoko yam'kati, funsani mafunso. Diso limene lazolowera kuona ntchito yabwino limakonza manja.

Pa intaneti gwiritsani ntchito dzina limodzi paliponse. Tsamba la zovala likhale la zovala, munthu akalitsegula aone madiresi, mitengo yoyambira ndi mmene angakupezereni. Zithunzi za maukwati ndi nyimbo zikhoza kukhala patsamba lanu lina, koma musatsegule masamba atatu amene simungathe kuwasamalira. Ndipo zithunzi za makasitomala muzizisunga malo awiri, chifukwa kamera ndi laputopu zimabedwa mumzinda uno, ndipo ukwati subwerezedwa.

Mwati mwatopa, ndipo mawu amenewo ndawamva. Masana pamakina, madzulo pamakina, Loweruka chiimire, Lamlungu kwaya: m'sabata yanu mulibe tsiku lopuma, ndipo maso, msana ndi mawu ndi zida zimene simungagule ku Oriental Plaza. Kwa miyezi itatu imene mukulemba m'kope ija, chepetsani maukwati akhale awiri pa mwezi, mukweze mtengo pang'ono, ndipo madzulo amodzi pa sabata makina asatsegulidwe. Ikatha miyeziyo, khalani pansi ndi kope lanu. Ngati likuonetsa kuti kujambula maukwati kukukulipirani zochepa kuposa kusoka pa maola omwewo, siyani maukwati kwa chaka chimodzi, kamera igwire ntchito ya zovala zokha. Ngati likuonetsa kuti kamera ndi imene ikukoka anthu, sinthani dongosolo, kusoka kwa madzulo kuchepe, ndipo mukafunse za maphunziro ku Newtown. Mukatero mundilemberenso, mundiuze zimene manambala anena, tidzaone pamodzi mwezi woyenera kulowa mu studio.